Ada Longwe ndi Thirakitala Yabuluu

Mwezi wathawu tinakavundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, Ada Longwe, patatha chaka chimwalirireni. Mbiri yawo yomwe inawerengedwa kumandako ndinalemba ndine, poti m'banjamo mphunzitsi ndine ndekha ndipo zolembalemba zonse amangozikankhira kwa ine. Ndinalemba kuti anali munthu wakhama, wodziwa ntchito yake, mkulu wa mpingo wosajomba kutchalitchi, komanso bambo wokonda ana ake. Anthu anagwedeza mitu, amayi ena mpaka anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Zitatu zoyambazo n'zoona. Chachinayicho ndinalemba dzanja likulemera, ndipo chakhala chikundidya mumtima kuyambira tsiku limenelo. Ndiye lero ndikulemba mbiri ina, yomwe sidzawerengedwa pamanda.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinabwera ku Chintheche kudzaphunzitsa, n'kukwatiwa ndi Yotamu, mwana wawo wachitatu mwa ana asanu ndi awiri. Pa zaka zonse zomwe ndakhala pamudzi wawo kufupi ndi Kande, Ada Longwe sananditchulepo dzina ngakhale kamodzi. Ndinali mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, ndipo akapsa mtima ndinali mkamwana wa kumwera uja. Ankandiyankhula m'Chichewa chawo chokokera ku Chitonga, chothira Chingerezi ngati mchere, ndipo liwu lomwe linali pakamwa pawo tsiku lonse linali lakuti labishi. Njinga zamoto za masiku ano zinali labishi. Malata a masiku ano labishi. Kwaya ya achinyamata labishi, ngakhale mdzukulu wawo ankaimba momwemo.

Anagwira ntchito ya umakaniko zaka makumi atatu ku esiteti ina ya kumtunda, kumene mathirakitala ankakoka ngolo m'misewu ya dothi lofiira louma gwa. Atapuma anabwerera kumudzi ndi suti zitatu komanso kasipanala kamodzi. Suti ankavala tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, anthu onse atavula malaya. Kasipanala kankakhala m'thumba la m'kati mwa jekete. Chilichonse chachitsulo chomwe chawadutsa pafupi ankachigogoda ndi kasipanalako n'kupendeketsa mutu. Chikalira nthawi yaitali, chimenecho ndiye chitsulo. Chikangoti phwa n'kukhala chete, mukudziwa kale dzina lake. Anagogoda mapoto omwe ndinalandira paukwati wanga, mmodzimmodzi, alendo akuona, ndipo palibe poto ndi mmodzi yemwe amene anakhoza mayeso.

Sindingawanamizire, khutu anali nalo. Boti la injini likamadutsa panyanja iwo ali pakhonde, ankatumiza mawu kwa mwini wake kuti akonze chakutichakuti sabata isanathe, ndipo wonyozera ankabwerera kumtunda akupalasa ndi nkhafi. Chigayo cha pamsika chikakana, ankawatenga pa njinga. Sankalipiritsa. Malipiro ake anali kuima chilili ola lathunthu, chipewa chili m'manja, n'kumamva momwe uliri wopusa iwe ndi bambo ako omwe sanakuphunzitse kusintha oyilo. Asodzi ena ankalolera kupita kwa makaniko wolipiritsa ku Chintheche kuti angomva mtendere. Akazi awo, Ama NyaManda, analibe kothawira, ndiye anaphunzira kuyankha chilichonse ndi yewo, mawu othokozera a kuno, ngakhale pomwe akutukwanidwa.

Chomwe ndimawadera si mapoto ayi. Mwamuna wanga anagwira ntchito ku Joni zaka zisanu ndi zinayi, akusamala maluwa ndi agalu a anthu, akugona m'kachipinda ndi anzake anayi, akubwera kunyumba kamodzi pa zaka ziwiri. Ankasunga ndalama ndi cholinga chimodzi: kugula thirakitala yaing'ono, kuti azilimira anthu minda ya mpunga m'madambo a kuno n'kumalipidwa, asadzabwererenso kunja. Mwana wathu woyamba anali atayamba kale sukulu asakudziwa bwino nkhope ya bambo ake. Thirakitala imeneyo ndiyo inali yoti isunge Yotamu pakhomo. Ikalephera, njira inali imodzi yokha, yomwe anabwerera ija.

Atabwera ndi ndalamazo tinatha masabata atatu tikufunsafunsa, chifukwa safunsa anadya phula. Zoti n'kusankhapo zinali zitatu. Yoyamba inali kathirakitala ka mawilo awiri, kamene munthu amakayendetsa akutsatira pambuyo atagwira zigwiriro, ngati wolima ndi ng'ombe. Kanali kotchipa kuposa zonse, moti ndalama zikanatsala zogulira ngolo ndi dizilo wa dzinja lonse. Onse omwe anali nako anatiuza mosabisa kuti kamavutavuta, lero lamba waduka, mawa nati yamasuka, koma masipeya ake ali mbwee m'masitolo a ku Mzuzu, ndipo injini yake ndi yofanana ndi ya chigayo, yoti makaniko aliyense angaitsegule. Yachiwiri inali yofiira, ya mawilo anayi, yatsopano, yokongola ngati mkwatibwi. Imeneyo ikanameza ndalama zonse osatsala ndi ya chigubu chimodzi cha dizilo, ndipo ikadwala umayenera kuitana makaniko wa ogulitsawo kuchokera ku Lilongwe, thiransipoti ndi chakudya chake zili pa iwe. Yachitatu inali yabuluu, yakale, yomwe esiteti ija inkagulitsa pamtengo wa pakatikati. Ku esitetiko ankaitcha yaing'ono poyerekeza ndi zinzake, koma kulemera kwake kunali kwa njovu.

Ife tinasankha ka mawilo awiri. Minda ya mpunga ya kuno ndi timagawo ting'onoting'ono totchingidwa ndi mizere yosunga madzi, ndipo matope ake ndi ofewa, ena oti munthu amalowa mpaka m'mawondo. Minda ya chinangwa nayo ndi ya mchenga, ya milu younda ndi khasu pakati pa mitengo ya mango ndi zitsa, yosafuna thirakitala n'komwe. Sizinafunike mphunzitsi kuti aone zimenezi.

Ada Longwe anali ndi mwambi wawo wa za makina, womwe ankaubwereza kwa aliyense wofuna kugula ngakhale njinga yakapalasa. Ankati mtengo wa pasitolo ndi malowolo chabe, ukwati weniweni umayamba mkazi akalowa m'nyumba n'kuyamba kudya. Ponena zimenezi ankakonda kuyang'ana komwe ndakhala ine. Mwambiwo ndi woona, ndipo ndimauphunzitsa ana anga. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa anthu onse a m'mbali mwa nyanja muno, amene anauphwanya koposa anali mwini wake.

M'banja la a Longwe, monga m'mabanja ena akale kuno, mwana akabwera kuchokera kunja amayamba waika zomwe wapeza m'manja mwa bambo ake. Ndi ulemu chabe. Bamboyo amathokoza, amapemphera, amasolola kandalama ka shuga, n'kubweza zotsalazo kwa mwini wake. Tsikulo amuna anakhala pamipando pakhonde, Ada pakati, alamu anga aakulu a Gideoni pambali pawo. Ine ndi Ama NyaManda tinakhala pamphasa chapansi, kumene mkamwana amakhala osatsegula pakamwa. Yotamu anagwada n'kupereka envelopu ndi manja awiri. Ada anailandira, anapemphera pemphero lalitali lotchula Yosefe ku Iguputo, atatha anailowetsa m'thumba la m'kati mwa jekete, momwe munali kasipanala. Tinadikira kuti aitulutse. Iwo anangofunsa kuti mwana akuganiza zogula chiyani.

"Ada, ife taona kuti ka mawilo awiri kaja ndi kamene kangatithandize m'dambo," anatero Yotamu.

"Ife? Ife ndi ndani?" Anatembenuka n'kuyang'ana pamphasa, kenako anabwerera kwa mwana wawo. "Mwana wa Longwe aziyenda pambuyo pa wilibala ya injini anthu akuona? Awa, sizingatheke."

Ndinali ndi zonse m'mutu, za dizilo, za matayala, za kulemera kwake, ndipo ndinangoyang'ana pansi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mbewa yake tsiku limenelo ndinali ine. Mawa lake Ada anapita ku Mzuzu ndi Yotamu, ati kuti asadzanene kuti sanaone zonse. Yotamu anandiuza kuti analowa m'sitolo ali mu suti yakuda, n'kugogoda kathirakitala kaja kamodzi kokha basi. Yofiira anaigogoda mpaka penti inasupuka, wogulitsa akuwapempha kuti asiye. Sanafunse za dizilo, sanafunse za masipeya. Kuchokera kumeneko analunjika ku esiteti, kumene alonda anawalonjera ndi dzina la ntchito yawo yakale, ndipo yabuluu itagogodwa inalira ngati belu la tchalitchi. Anauza Yotamu kuti lisiti lilembedwe m'dzina lawo, poti wogwira ntchito wakale amamuchotserako mtengo. Zinali zoona, anachotsadi pang'ono, ndipo Yotamu anavomera.

Inafika pamudzi Loweruka m'mawa, Ada ali pachiwongolero, ana akuthamanga pambuyo. Anaiimika pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khonde lawo, osati kwathu, ati kwathu kulibe mthunzi wabwino. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse, nthawi ya naini, ankavula jekete n'kulipachika panthambi, kupukuta thirakitala yonse ndi kansalu, kenako kuiliza kwa mphindi khumi kuti mudzi wonse umve. Mwambo umenewu sanauphonyepo mpaka pamene miyendo inawakana.

Munda woyamba womwe tinapeza unali wa NyaChirwa, mayi wamasiye yemwe ali ndi gawo lake m'dambo la kuseri kwa msewu. Mvula inali itagwa masabata awiri. Anthu anabwera ambiri kudzaonerera, ena anasiya ndi makasu omwe. Yotamu anali atavala kale majombo kuti akwere, koma Ada anati mzere woyamba ndi wa munthu wodziwa. NyaChirwa anagwada n'kuwauza mwaulemu kuti pakati pa mundawo pali kasupe, pomwe ngakhale chilimwe sipauma, ndiye alambalale chakumphepete. Anamuyankha kuti iwo anayamba kuyendetsa thirakitala iye asanamere mano.

Analowa molunjika pakati penipeni. Matayala a kumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, akuponya matope kumwamba. Munthu wina aliyense akanazimitsa injini. Iwo anaponda moto, poti ku esiteti ukatitimira umaponda moto n'kupeza dothi lolimba pansi. M'dambo la kuno pansi palibe. Tikuona ndi maso athu thirakitala inakhala pansi pang'onopang'ono mpaka matope anafika pamimba pake, Ada ali pamwamba mu suti yotuwa, tayi ili pakhosi, atazunguliridwa ndi madzi mbali zonse.

Zomwe zinatsatira sindidzaziiwala. Anakodola Yotamu ndi chala. Mwamuna wanga analowa m'matopemo mpaka m'chiuno, anatembenuka n'kupereka msana, ndipo Ada anakwerapo. Anawabereka kuwatulutsa m'dambomo, nsapato zawo zopolisha zikulendewera m'mwamba kuti zisakhudze matope. Palibe anaseka. Atawatsitsa pouma, anakonza tayi, n'kuyang'ana khamu lonse lija.

"Mwaona zomwe zimachitika mwana akatumidwa kukayendera munda, iye mutu uli kwa mkazi wake," anatero mokweza. "Makina alibe mlandu. Wolakwa ndi uyu."

Palibe yemwe anatuma Yotamu kukayendera munda, ndipo onse anamva chenjezo la NyaChirwa. Yotamu anaima matope akuchucha m'thalauza, n'kuyankha kuti, "Yewo, Ada." Ndinadana nawo kuyambira mphindi imeneyo, ndipo kunena zoona kwa masiku angapo ndinadananso ndi mwamuna wanga.

Kuitulutsa kunatenga masiku atatu. Asodzi anabwera ndi zingwe zawo zokokera makoka, n'kuzimanga kutsogolo kwa thirakitala, amuna ndi akazi n'kundanda mizere iwiri monga amachitira pagombe, wina akutsogolera nyimbo kuti akokere pamodzi. Zingwe zinaduka kawiri, anthu n'kugwa chagada m'matope. Anadula mitengo n'kuyala pansi pa matayala, anakumba ndi makasu, ndipo nazale ya mpunga ya NyaChirwa, yomwe inali pambali, inapondedwa yonse. Ada analamula ntchito yonseyo atakhala pampando womwe anawatengera kunyumba, atafunda ambulera. Pomaliza inatuluka ndi lole ya mchenga yomwe inakoka ndi tcheni kuchokera pamsewu. Zingwe za asodzi, lole ija ndi mbewu ya NyaChirwa, zonse analipira Yotamu ndi tindalama tomwe tinatsala.

Zitatero palibe mlimi wa mpunga anafunanso kuona thirakitala yabuluu pafupi ndi munda wake. Inatsala ntchito yokoka njerwa, mchenga ndi nkhuni, yomwe imapezeka mwa apo ndi apo. Apa ndipo mkazi wa mumwambi uja anayamba kudya. Inkamwa dizilo ngati ili ndi ludzu la chaka chonse, ndipo dizilo akasowa Yotamu ankatha tsiku lathunthu pamzere ku Chintheche, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Tayala limodzi la kumbuyo linang'ambika pachitsa, ndipo la mtundu umenewo linalibe m'sitolo iliyonse ku Mzuzu. Tinalidikira miyezi inayi, ndipo mtengo wake unali woti n'kugulira theka la kathirakitala kaja. Pampu ya dizilo itayamba kudontha, wogulitsa wina anatipezera yofanana nayo yotchipa, koma Ada anaigogoda n'kuibweza. Makaniko wina sankaloledwa kuyandikira. Yotamu nayenso sankaphunzitsidwa kanthu, chifukwa akafika potsegula injini ankamutuma kukatenga madzi, kansalu kapena chilichonse, n'kubwera atatseka kale. Anaikanso kaswitchi kawo kobisika, moti popanda iwo inali yosalira.

Pa chinthu chimodzi ananena zoona, ndipo ndiwapatse chawo. Injini imeneyo sinakanepo kulira. Ikhale miyezi inayi yopanda tayala, Loweruka ankangoikhudza kamodzi, iyo n'kuyankha. Akamva kulirako ankayang'ana kunyumba kwathu ngati kuti apambana mlandu. Zoti kulira si kulima sizinkawakhudza.

Chaka chotsatira NyaChirwa anagulitsa boti la malemu amuna ake n'kugula wilibala ya injini ija. Imathyoka, inde, mwina kawiri pamwezi. Ikathyoka amaimba foni ku Mzuzu m'mawa, sipeya imabwera pa minibasi masana, madzulo ili m'munda. Ikatitimira amuna anayi amainyamula. Lero dambo lonse limalimidwa ndi iyoyo, ndipo nyumba ya NyaChirwa ili ndi malata atsopano, a labishi omwe aja, osadontha.

Yotamu anapirira madzinja awiri. Dzinja lachitatu lisanafike anakonza chikwama chobwerera ku Joni. Ananyamuka Loweruka m'mawa, ine ndi ana tinamuperekeza kumsewu kukadikira basi. Ama NyaManda anabwera ndi kaphukusi ka usipa wouma. Ada sanabwere, poti linali tsiku lopukuta thirakitala. Tili chiimire pamsewu, naini itakwana, tinamva injini ikulira kumudzi. Yotamu anatembenukira uko, anamvetsera mpaka inazima, ndipo basi itafika anakwera. Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano.

Ada ndinawayankhapo kamodzi kokha pa moyo wawo wonse. Kunabwera bambo wina wa ku Mzimba, mlimi wa chimanga wa minda ikuluikulu ya dothi lolimba, kumene thirakitala yotere ndi kwawo. Anatchula mtengo wabwino, wokwanira kugula ka mawilo awiri ndi tikiti yoti Yotamu abwerere. Ada anamulandira ndi tiyi, anamuonetsa injini kwa maola awiri, anailiza, mlendoyo akuyamikira, kenako anamuuza kuti siyogulitsa. Mlendo atachoka ndinapita pakhonde, ndinagwada monga mwa mwambo, n'kuwauza kuti thirakitalayo ndi thukuta la mwana wawo, ndipo adzukulu awo akukula opanda bambo chifukwa cha chitsulo chomwe chimangolira Loweruka.

"Mkamwana," anatero, "kwanu ku Dedza imalira m'mbandakucha ndi nkhuku yathadzi?"

Nkhaniyo inafika kwa a Gideoni ndi akuluakulu a banja, ndipo wolakwa anapezeka ine. Ndinapepesa ndi nkhuku. Anaidya Lamulungu lake, n'kudandaula kuti inali yolimba.

Ndakhala ndikuganiza chifukwa chomwe anakanira, ndipo sindikuona china koma ichi. Chichokereni ku esiteti anali nkhalamba wamba ya pakhonde, yodikira kuti chigayo cha wina chiwonongeke. Thirakitala yabuluu inawabwezera ukulu wawo. Pansi pa mango paja analinso makaniko wamkulu, wokhala ndi makina akeake oti palibe wina angawadzutse. Anadzigulira unyamata wawo ndi zaka zisanu ndi zinayi za mwana wawo, ndipo sindikhulupirira kuti anasowapo tulo chifukwa cha zimenezo.

Atadwala, wowasamala ndinali ine ndi Ama NyaManda, poti ana awo aakazi ali kumabanja awo kutali. Ndinawaphikira phala, ndinachapa zofunda zawo, ndinawatembenuza pamene sankatha kudzitembenuza. Sindinachite zimenezi mwachikondi, ndinachita poti ndi bambo a mwamuna wanga. Tsiku lina masana a Gideoni ali pomwepo pamodzi ndi mkulu wina wa mpingo, ndinaona kuti mpata wina sudzapezekanso. Ndinagwada pambali pa bedi n'kupempha Ada kuti anene, mboni zikumva, kuti thirakitala ndi ya Yotamu. Mawu ochepa okha. Anali ndi nzeru zawo zonse tsiku limenelo, anali atangodzudzula mkulu wa mpingoyo chifukwa chowerenga vesi molakwika. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pazenera, kumene nthambi za mango zinkaonekera.

"Lero si Loweruka?" anafunsa. "Ndani wailiza?"

Anamwalira Lachiwiri. Yotamu sanabwere kumaliro, chifukwa mapepala ake kumeneko anatha kale, ndipo akatuluka sangalowenso. Anaonera bokosi la bambo ake likutsika pa foni yomwe mwana wathu wamkulu anagwira m'mwamba.

Ine ndinali ndi chiyembekezo, ndivomere, ngakhale n'zochititsa manyazi kuyembekezera pamaliro. Ndinkati tsopano tigulitsa, Yotamu abwere. Banja litakhala pansi kukambirana za katundu wa malemu, a Gideoni anatsegula sutikesi ya Ada n'kutulutsa lisiti, lopindidwa bwino mu pulasitiki, lili ndi dzina la bambo awo. Anati thirakitala ndi chuma cha masiye cha ana onse asanu ndi awiri. Aliyense pakhondepo ankadziwa komwe ndalama zinachokera. Ndinayang'ana Ama NyaManda, omwe anakhala nane pamphasa tsiku la envelopu lija. Iwo anayang'ana zala zawo. Yotamu anayesa kuyankhula pa foni, koma anamuuza kuti munthu amene sanaponye dothi pamanda a bambo ake asayambe ndi nkhani ya katundu.

Ogula anabwera awiri, koma palibe anatha kuiliza. Kaswitchi kaja Ada anapita nako m'mutu mwawo, ndipo makaniko yemwe anayesa kufufuza mawaya anangopsereza ena. Matayala anali atang'aluka ndi kukhala. Pamapeto pake inagulidwa ndi ogula zitsulo zakutha, aja amayeza pa sikelo. Anabwera ndi lole ndi moto wa gasi, n'kuiduladula pomwepo pansi pa mango tsiku lonse. Kulemera kwake kuja kunapindula tsiku limenelo lokha. Pofuna kupewa mikangano yogawana, a Gideoni analamula kuti ndalama zonse zimange chiliza choyenera munthu wamkulu ngati Ada. N'chimene tinakavundukula mwezi watha, cha matailosi akuda onyezimira, chachitali kuposa ziliza zonse za pamandapo. Anthu atayamba kubalalika ndinatsalira pang'ono, ndipo ndinachigogoda ndi mphete yanga ya ukwati. Chinangoti phwa.

Pansi pa mango paja palibe chilichonse tsopano. Mpando wawo anaulowetsa m'nyumba, ndipo nthambi yomwe ankapachikapo jekete idakali yosalala pomwe linkakhudza. Pansi pali maenje anayi pomwe panakhala matayala zaka zonsezi, awiri a kutsogolo aang'ono, awiri a kumbuyo akuya, oti mvula ikagwa amasunga madzi ndipo nkhuku zimamwa momwemo. Udzu wayamba kumera mozungulira, kupatula pakati, pomwe oyilo ankadontha. Pamenepo ndi pakuda bii, ndipo Ama NyaManda akamasesa amapalambalala. Loweruka nthawi ya naini ndimapezeka ndaima ndi chochapa m'manja, khutu lili uko, ndipo ndimadzikwiyira. Chomwe chimamveka ndi wilibala ya NyaChirwa ikutsokomola kudambo. Sabata yatha Yotamu anaimba foni n'kundipempha kuti ndimujambulire malowo, aone ngati patsala kena kake koti n'kusunga. Ndinapita, ndinaima pomwe ankaima bambo ake, n'kumutumizira chithunzi cha maenje anayi aja. Anachiona nthawi yomweyo, koma mpaka lero sanayankhe.